Ngongole Yosabweza Inandigonetsa M'garaja

Abale ndi alongo, amayi ndi abambo, landirani moni. A ku Zambia mwakhala kumbuyoko, muli bwanji? Ndakuonani. A tcheya andipatsa mphindi zochepa, koma ndipepeseretu: munthu amene wavuuka m'madzi sadziwa kufupikitsa nkhani. Ndikapitirira, mundikoke jekete.

Kwa amene simundidziwa, ndine Lameki, bambo a Tadala. Kwathu ndi ku Ntcheu. Ntchito yanga ndi ya magetsi, ndipo kwa zaka zambiri ndinkagwira ku migodi ya kumpoto kwa dziko lachilendo lino, kokwera ndege: masabata awiri ku sayiti, sabata imodzi kunyumba. Ena mumandikumbukira ngati bambo uja wa chigalimoto choyera amene ankakuitanani kudzawotcha nyama ku Ellenbrook. Galimoto ija inapita. Nyumba ija mukukhala anthu ena. Koma sindinaime pano kudzalira galimoto kapena nyumba. Nkhani yanga ndi ya banja langa, limene ndinalitchovera juga ndikudzitcha wochenjera.

Nditagwira zaka zingapo ngati wolembedwa ntchito, ndinaona anzanga a makontirakiti akulandira zambiri pa ntchito yomweyomweyo. Ndinasiya, n'kutenga nambala yangayanga ya bizinesi, n'kuyamba kudzilemba ndekha. Ndalama inabwera, sindinama. Koma mukudziwa mmene zimakhalira. Ukakhala wa kontirakiti palibe amene amakudulira msonkho mwezi ndi mwezi. Yonse imagwera mu akaunti, iwe n'kumaiona ngati yako. Chaka chikatha a msonkho amabwera kudzatenga gawo lawo, ndipo zimapweteka ngati akuzula dzino labwinobwino.

Ine msonkho ndinayamba kudana nawo ndili kwathu. Ndinakula ndikuona bambo anga akudulidwa msonkho pomwe msewu wathu unali maenje okhaokha, kuchipatala ukapita akuuza kuti kagule wekha mankhwala. Mumtima mwanga kuzemba msonkho sikunali kuba, kunali kudziteteza. Mtima umenewo ndinakwera nawo ndege mpaka kuno osausiya pa chipata.

Loweruka lina tikuwotcha nyama, mnzanga Kondwani, wa makontirakiti ngati ine, anandikokera pambali.

"Achimwene, inu mukulipirabe msonkho wonse uja? Anthu anasiya kalekale zimenezo."

Anandifotokozera. Pali kampani ina, ofesi zake zili kunja kwa dziko lino. Mgodi ukamalipira, sulipira iwe, umalipira kampaniyo. Kampaniyo imakupatsa kamalipiro kakang'ono, kamene a msonkho amakaona n'kudulapo pang'ono. Yotsala yonse imakupatsa ngati ngongole. Ndipo ngongole sidulidwa msonkho.

Ndinafunsa kuti, "Nanga ngongoleyo ndidzabweza liti?"

Kondwani anaseka mpaka kutsamwa. "Achimwene, ndinu Mmalawi kapena ayi? Mlamu wanu atakuuzani kuti tandibwerekeniko ya thiransipoti, munaionanso ndalamayo?"

Nanenso ndinaseka, ndipo mbedza inandikola pa kuseka kumeneko. Tamvani bwino apa, chifukwa ena a inu idzakukolani pomwepa. Ife mawu oti kubwereka ndi mawu a ulemu. Timabwereka mchere, timabwereka machesi, timabwereka mayunitsi. Ndani pano anabwezapo mchere? Ine ndemwe ndabwereketsa abale ndalama zambirimbiri ndikudziwa kuti ndatsanzikana nazo. Ndiye nditamva zoti ngongole yosabweza, khutu langa silinadabwe ngakhale pang'ono. Ndinangoti, a, azungunso amadziwa chibale. Anthu a kuno nawonso anagwamo ambiri, aliyense analowera khomo lake. Langa linali limenelo.

Kondwani ananditengera ku ofesi ina m'tauni. Bambo wa suti anatipatsa khofi, n'kutionetsa mapepala oti maloya anaona zonse ndipo zili m'malamulo. Sindinafunse kuti maloya ake ati. Kenaka anati ngati ndili pa banja, ndi bwino gawo lina la ngongoleyo lilembedwe m'dzina la akazi anga, kuti zisaunjikane pa munthu mmodzi. Ndinavomera ndi mutu.

Akazi anga, mayi a Tadala, ndi namwino pa chipatala chachikulu chija cha ku Nedlands. Tsiku limenelo ankathamangira shifiti, nsapato imodzi kuphazi ina kumanja. Ndinawayalira mapepala pa tebulo.

"Tasainani apa ndi apa."

"N'chiyani ichi, bambo a Tadala?"

"Za bizinesi basi. Mwachedwa, ndikufotokozerani madzulo."

Anasaina ataimirira. Madzulo amenewo sanafike.

Zaka zotsatira ndizidutsa mwachangu chifukwa nazonso zinadutsa mwachangu. Tinagula nyumba ku Ellenbrook pa ngongole ya banki. Chigalimoto chija chinabwera. Ku Lilongwe tinapeza malo ku Area 49 n'kuyamba kumanga. Ku mudzi dzina langa linasanduka abwana. Ndinalowetsamo anzanga awiri, kampani n'kundipatsa kangachepe pa mutu uliwonse. Munthu mmodzi yekha anayesa kunditsina khutu. Ndi mayi Tembo a ku Chipata, akauntanti, amene timapemphera nawo. Nditawadzitamandira za nzeru yangayi, anandiyang'ana n'kunena kuti, "Ba Lameki, ivo vintu vinunkha. Muntu angakukongoze bwanji ndalama yako?" Ine ndinati mumtima, amayiwa nsanje, akufuna ndiziwalipira iwo. Safunsa anadya phula, koma ine ndinachita kuposa safunsa: ndinauzidwa n'kudyabe.

Kenaka unafika mliri wa kolona. Malire anatsekedwa. Migodi sinaime, koma ntchito zina anaziimika kaye, ndipo oyamba kuchepetsedwa masiku tinali ife a makontirakiti. Boma linayamba kuthandiza anthu amene bizinesi zawo zagwa. Ndinayesa kupempha nawo. Anandiuza kuti palibe chimene chagwa, chifukwa pa mapepala ine ndinali mmphawi kuyambira kalekale. Kamalipiro kakang'ono kaja ndi kamene boma linkandidziwa nako.

Ndisanapume, a msonkho anafika. Anali atafufuza kampani ija ndi onse amene ankadyera mmenemo. Chigamulo chawo chinali chachidule: iyo si ngongole, ndi malipiro a ntchito. Ine ndinati chabwino, kuyambira lero ndizilipira. Anati ayi, tiyambira chaka choyamba chimene munalowa. Anawonjezapo chindapusa, n'kuwonjezaponso chiwongoladzanja cha zaka zonsezo. Ine ndinkaganiza kuti chaka chikatsekedwa chatsekedwa. Kunena zoona akuluakulu aja sananame, mlandu suwola. Ndalama imene ankafuna kwa ine sindiitchula pano, ena mungagwe pa mipando. Ankafunanso ina kwa mayi a Tadala. Iwo sanadziwe, popeza pa mapepala awo ndinalembapo foni ndi imelo yanga.

Patapita miyezi kampani ija inagwa, bambo wa suti anazimiririka. Amene anatenga katundu wa kampaniyo anapeza mayina athu pa anthu amene anakongola, ndipo anayamba kutilondola kuti tibweze. Tamvani bwino. A msonkho akuti ndi malipiro, lipira msonkho. Enawa akuti ndi ngongole, bweza yonse. Ndalama imodzi yomweyo, imene ndinaigwirira ndekha ntchito pa dzuwa lija la kumpoto. Ndinaimbira Kondwani kuti ndimutukwane, koma ndinamupeza akulira kuposa ine.

Sindinauze munthu. Ndinayamba kumwa. Ku kampu ya ku mgodi tikaweruka ndinkakhala pa bala mpaka atseke, n'kukapitirizira m'chipinda. Amene mumagwira ku migodi mukudziwa kuti m'mawa uliwonse timapumira m'kachipangizo koyeza mowa tisanalowe. Tsiku lina kanalira. Tsiku lomwelo anandikweza ndege. Kumigodi amati wapatsidwa mpando wa pawindo, kutanthauza kuti uone bwino kumene sudzabwererakonso. Mbiri imayenda mofulumira kumeneko, ndipo foni yanga inasiya kulira.

Apa ndi pamene ndinayamba kuchita zinthu zimene mpaka lero ndikazikumbukira ndimafuna kubisa nkhope. Kunyumba sindinanene kuti ntchito yatha. Tsiku lonyamuka likafika ndinkavala yunifolomu, mayi a Tadala n'kundiikira mtedza wokazinga m'chikwama, n'kundiperekeza mpaka pa galimoto. Ndinkatuluka ngati ndikupita ku bwalo la ndege, koma ndinkapitirira mpaka kuno ku Cannington, kumene ndinapeza kachipinda ka lendi ya pa sabata kuseri kwa nyumba ina. Ndinkakhala mmenemo masabata awiri, kumwa ndi kugona, zonse pa khadi la ngongole. Poimba vidiyo kunyumba ndinkatsamira khoma loyera kuti pazioneka ngati ku kampu, n'kumadandaula kutentha. Pobwerera ndinkatenga fumbi lofiira lotsalira m'bokosi la zida n'kuliwaza pa zovala, kuti akazi anga akapeze chochapa. Munthu wamkulu, bambo wa mwana, ndikuwaza fumbi pa thalauza ngati mchere.

Ndinenanso china, chifukwa mwina wina pano ali pamenepo. Masana ena ndinkapita pa siteshoni ya sitima n'kungokhala pa benchi, osakwera. Ndinayamba kuganiza kuti banja langa lingapepukidwe ine kulibe. Limenelo ndi bodza lalikulu kuposa mabodza onse amene ndinanama, ndipo limalankhula ndi mawu ako omwe. Ngati likulankhula kwa inu, musatuluke m'holo muno musanagwire munthu dzanja n'kumuuza.

Tsopano tamvani mmene Mulungu anandigwirira. Sanatume mngelo, anatuma meseji ya pa foni.

Mukukumbukira nthawi ija tinkajambula kachizindikiro ndi foni pa khomo lililonse tisanalowe, kuti a zaumoyo adziwe kumene tadutsa. Ine wozemba msonkho, lamulo limeneli lokha ndinkalitsata mokhulupirika. Kutatsala tsiku limodzi kuti ndibwerere kunyumba kuchokera ku sayiti yanga yabodza, meseji inalowa. Pa sitolo imene ndinkagula mowa panadutsa munthu wa kolona nthawi yomwe ine ndinalipo. Ndikayezetse, ndipo ndibindikire masabata awiri. Posakhalitsa a zaumoyo anaimba kufunsa kumene ndikabindikire ndi amene ndimakhala nawo. Mwini kachipinda kaja atamva anati pano ayi, bafa timagwiritsa limodzi, pezani kwina.

Ndinakhala pa bedi, yunifolomu ili pambali, fumbi nditawaza kale. Njira yosavuta inalipo. Kupita kunyumba mawa ngati ndatsika ndege, osanena kanthu, kukumbatira mkazi ndi mwana monga mwa masiku onse. Mwina ndinalibe matenda. Mwina palibe akanadziwa. Ndinali nditazolowera kunama moti bodzalo linadzikonza lokha m'mutu, lonse lathunthu, ine osavutika.

Koma ndinayamba kuona kumene mayi a Tadala amapita akachoka kunyumba. Wodi yawo ndi ya anthu okalamba ndi odwalika, ena opumira m'mapaipi. Amawatembenuza, amawasambitsa, amawadyetsa ndi sipuni. Ankandiuza nkhani zawo pa tebulo, za agogo ena amene sankalola kumwa mankhwala pokhapokha awapatse namwino wa ku Africa uja. Mabodza anga onse ankadya ine ndi a m'nyumba mwanga. Ili likanapita kukapha mayi wa munthu wina amene sanandilakwire kanthu. Ndinagwira foni, n'kuiika pansi. Ndinaigwiranso. Ndinadikira nthawi yawo yopuma, n'kuimba.

"Mayi a Tadala, sindili ku sayiti."

"Muli kuti?"

"Ku Cannington."

Ndinkamva mawilo a bedi la odwala akudutsa kumbuyo kwawo.

"Ndi mkazi?"

"Ayi."

"Nanga n'chiyani?"

"Ndi yaitali. Koma a zaumoyo andiuza kuti ndibindikire, ndipo ndilibe kopita."

Mawu awo anasintha nthawi yomweyo. Sanalinso akazi anga, anali namwino. "Mukutsokomola? Thupi latentha? Fungo mukulimva? Pitani mukayezetse panopa. Mukachoka kumeneko valani masiki, musaime paliponse. Musalowere khomo la kutsogolo. Mupeza garaja yotsegula."

Ndinapeza matiresi pansi, bulangete, botolo la madzi ndi sopo. Garaja yathu inali ndi khomo lolowera kochapira, kumene kunali chimbudzi, ndi chitseko china cholowera kukhitchini. Chitseko chimenecho chinali chokhoma. Chakudya ankachiika pa kampando, kugogoda kamodzi, n'kuchoka. Zotsatira zinabwera kuti ndilibe matenda, koma lamulo linali loti ndimalize masabata awiriwo. Masiku oyambirira palibe anandilankhula, kupatula Tadala amene anafunsa pa chitseko m'Chingerezi chake chija ngati adadi akudwala. Ndinamuyankha kuti ndikudwala, koma osati kolona. Mowa munalibe m'garajamo. Thupi linaulirira, thukuta, kunjenjemera, tulo osabwera. Kwathu m'bindikiro timaudziwa kuti ndi wa mapemphero, munthu amapita yekha mwakufuna kwake. Ine wanga anachita kundilamula a boma.

Madzulo ena ndinamva mpando ukukokedwa mbali inayo ya chitseko.

"Yambani," anatero mayi a Tadala. "Poyambira penipeni. Mukadumpha kanthu ndidziwa."

Ndinakhala pansi n'kutsamira chitsekocho. Abale, ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha chitseko chimenecho. Ndikanakhala kuti ndikuona nkhope yawo, ndikanayamba kuchepetsa nkhani, kuikometsa, kuloza Kondwani. Thabwa silikwinya nkhope. Ndinanena za kampani, za msonkho, za mowa, za ntchito, za kachipinda, mpaka za fumbi. Chomaliza ndinanena za mapepala aja anasaina ataimirira.

"Dzina langa lili mmenemo?"

"Lili mmenemo."

"A msonkho akufunanso ine?"

"Inde."

Ndinamva akupuma mwamphamvu. "Dzina limenelo ndinalivutikira, bambo a Tadala. Ndinalemba mayeso kawiri kuti andilole kugwira unamwino m'dziko lino. Ndinasamalira nkhalamba m'nyumba za anthu ndikudikira mapepala. Inu munalitenga ngati mukutenga ambulera pa khomo."

Analira. Atatonthola ananena zimene sindinkayembekeza.

"Nanenso ndinkaona. Malipiro a munthu wa magetsi ndimawadziwa, amuna a anzanga amagwira ntchito yomweyo. Ndinkadabwa, koma nyumba ya ku Area 49 inkakwera, ndiye ndinasankha kusafunsa. Tchimo limenelo ndi langa, ndilisenza. Koma za ndalama si zimene zikundiwawa kwambiri. Tsiku lililonse mukanyamuka, ine ndinkagwada m'chipinda kupempherera ndege yanu. Ndinkapempherera ndege imene simunakwere."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa ndalama yonse ya a msonkho. Ndinalira ngati mwana, pansi pa simenti, pafupi ndi makina otchetchera kapinga.

Kenaka anagamula. "Ndikuthandizani kutuluka m'dzenjemu chifukwa dzina langa lili momwemo. Za banja musandifunse. Nyumba ino tigulitsa, palibe kuchitira mwina. Ikadzagulitsidwa, ine ndi mwana tidzaona kolowera. Inu mudzaonanso kwanu."

M'mawa mwake anaimbira mayi Tembo, akauntanti aja ndinawanyoza, n'kuika foni pansi pa chitseko kuti tonse timve. Ndinkayembekeza kuti ayamba ndi ndinakuuzani. Sanatero.

"Ba Lameki, sinizakusekani. Manje sakilani mapepa yonse, olo yamene muchita nayo nsoni. Mailo tizatumila ba msonkho ise, osati kuyembekeza beve. Muntu wamene abwela yeka bamakamba naye. Wamene athaba ndiye bamamupilikisa."

Ndipo tinaimbadi. Ine ndinkaganiza kuti kumeneko kuyankha chilombo. Anayankha munthu, wa mawu otopa ngati ife tomwe, amenenso ankagwirira ntchito kunyumba, galu akuuwa kumbuyo. Msonkho sanachotse, musanamizidwe, umenewo ndi wolipira. Koma titafotokoza zonse mosabisa, ndi umboni wa mmene tinalowera, anachepetsa gawo la chindapusa n'kutilola kulipira mwezi ndi mwezi. Ndinalemba ndi dzanja langa kuti akazi anga anasaina osadziwa. Sizinawachotseretu mu nkhaniyo, koma zinathandiza. Za anthu a ngongole aja, mayi Tembo anatilozera kumene maloya amathandiza anthu ovutika mwaulere. Inatenga nthawi, tinalipirako ndithu, koma osati zimene ankafuna poyamba.

Galimoto inapita koyamba. Kenaka nyumba ya ku Area 49, ili pa lintala, yopanda denga. Imeneyo inandiwawa chifukwa kunafunika kuuza a kwathu. Ndinaimbira amayi anga ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri pa vidiyo, n'kunena ndi pakamwa panga kuti abwana agwa. Malume a mayi a Tadala anandikalipira bwino lomwe, ndipo anayenera. Amayi anga anangofunsa kuti, "Koma ukudya?"

Za mowa ndinapita kwa dokotala, iye n'kunditumiza ku gulu la anthu a vuto lomwelo limene limakumana sabata iliyonse. Ndimapitabe mpaka pano. Ntchito ndinaipeza ya kukonza magetsi m'masitolo konkuno, yolembedwa, ya malipiro ochepa, yogona kunyumba. Msonkho amadula ndisanaione ndalamayo. Ndikayang'ana pa silipi ya malipiro n'kuona adula, ndimati zikomo, mwandisenzera.

Anzanga awiri aja ndinawalowetsa ndinawapitira mmodzimmodzi, kukapepesa ndi kubweza kangachepe kaja ndinadya pa mitu yawo. Mmodzi anandikhululukira, ndipo tinapita limodzi kwa mayi Tembo. Winayo mpaka lero akandiona mu shopu amatembenuza ngolo. Sindimuimba mlandu.

Ndiye inu a makontirakiti, ndikuonani, ena mwaweramitsa mitu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Munthu akakuuzani kuti pali njira yoti ndalama yanu ituluke m'dziko n'kubwera itasintha dzina, mufunseni funso la mayi Tembo lija: munthu angakukongoze bwanji ndalama yako? Kuno ngongole ndi ngongole, si ya mlamu. Mukalandira malipiro, tsiku lomwelo patulani gawo la msonkho muike mu akaunti ina imene mulibe khadi lake, chifukwa si yanu, mukungosungira eni ake. Ngati munalowa kale, musadikire kuti akupezeni. Pezani akauntanti wovomerezeka, osati amene wakupezerani wogulitsa nzeruyo. Ndipo abambo, ili ndi lamulo langa tsopano: pepala limene simungathe kulifotokoza m'Chichewa kwa akazi anu, atakhala pansi, nsapato zonse atavula, musawasainitse.

A tcheya ayamba kuyang'ana wotchi. Ndimalize.

Nyumba ya ku Ellenbrook inatenga miyezi kuti zonse zitheke. Miyezi yonseyo ndinatuluka m'garaja koma sindinabwerere kuchipinda. Ndinkagona m'kachipinda ka alendo. Tinkadya pa tebulo limodzi, kukambirana za mapepala ndi za sukulu ya mwana, basi. Za banja sindinafunse, monga anandiuzira. Ndinkangopita kuntchito, kupita ku gulu lija, kuonetsa silipi iliyonse ndi meseji iliyonse ya a msonkho, ngakhale asanafunse. Iwo ankawerenga, kugwedeza mutu, n'kundibwezera foni. Sindinkadziwa zimene zili mumtima mwawo.

Nyumba itagulitsidwa, mayi a Tadala anapeza kanyumba ka lendi kuno ku Cannington, pafupi ndi siteshoni, m'dzina lawo lokha. Sanandiitane kukaona. Ine ndinapempha malo kwa mbale wina wa mu mpingo, amene anandilonjeza chipinda. Katundu tinalongedza padera, makatoni awo ndi a Tadala pabalaza, anga ochepa pafupi ndi khomo.

Tsiku losamuka lole inafika. Dalaivala anatsika n'kufunsa kuti katunduyu akutsikira malo angati. Ndinayang'ana mayi a Tadala. Anali atatembenuka, akumata katoni. Ndinayankha kuti awiri. Ndinayamba kunyamula makatoni anga kuti akhale kumapeto, otsika koyamba. Mumtima ndinali nditavomereza. Ndinati Ambuye, mwandisiyira moyo, mwandichotsera botolo, mwana ndizimuona. Izi zokha ndi zambiri kuposa zimene ndikuyenera.

Katundu yense atakwera panatsala bedi lathu lalikulu. Ndinaima pa khomo la chipinda chija, chimene ndinali ndisanalowemo kuyambira tsiku la garaja. Mayi a Tadala anali atagwira kale mbali ya kumutu. Anandiyang'ana.

"Mwaimiranji ngati mlendo? Bedi ili ndingalinyamule ndekha?"

Ndinalowa n'kugwira mbali ya kumiyendo. Tinatuluka nalo pang'onopang'ono, iwo akuyenda chafutambuyo, ine ndikuwauza polowera. Titafika pa lole anauza dalaivala m'Chingerezi kuti bamboyu walakwitsa, malo otsikira ndi amodzi. Kenaka anatembenukira kwa ine.

"Kumene tikupitako kulibe garaja. Ndiye mukadzakhala ndi nkhani, muzidzandiuza mukundiyang'ana kumaso."

Ndinati inde, mayi.

Ngongole ya msonkho tikulipirabe, ndipo tilipira kwa zaka. Kanyumbako n'kakang'ono, sitima ikamadutsa makapu amalira m'kabati. Koma m'mawa uno ndadzuka pa bedi limenelo, ndipo amene anandisitira malaya ndavalawa akhala apo pa mzere wachitatu, akupukusa mutu kuti ndalankhula zambiri. Mayi a Tadala, pamaso pa anthu onsewa, ndikukuyang'anani kumaso: zikomo.

Ambuye amene ananditola ine akutoleninso inu. Ndakhala pansi.